Robert Bárány: dokotala yemwe ankayang'ana m'maso pofufuza vuto la m'khutu

Azakhali anga amakhala kufupi ndi msika wa Kamwendo m'boma la Mchinji, ndipo chaka chatha nyengo yokumba mtedza inawapeza akuopa mphasa yawo yomwe. Masana ankagwira ntchito bwinobwino. Vuto linkabwera akagona. Akangotembenukira kumanja, denga linkayamba kuzungulira, nseru n'kuwagwira, iwo n'kukakamira mphasa poopa kugwa chikhalirecho anali kale pansi. Mphindi imodzi isanakwane, zonse zinkaima. Akawerama kuti asonkhezere moto, kapena akayang'ana kumwamba kuti atsitse mbale pathandala, chizungulire chomwecho chinkabweranso.

Kuchipatala anawayeza malungo koma sanapezeke. Magazi anali okwanira, BP inali bwino, shuga chimodzimodzi. Pamudzi nkhani inayamba kulowera kwina, monga mukudziwira mmene zimakhalira matenda akakana kuoneka pa makina: wina anatchula mizimu, wina anakumbutsa za mkangano wakale wa malire a munda. Patatha miyezi iwiri, wachipatala wina anawafunsa zomwe wina aliyense anali asanawafunsepo, zoti chizungulirecho chimabwera akagonera mbali iti. Anawagoneka pabedi mofulumira mutu utapendekera kumanja, n'kuwayang'anitsitsa m'maso. Kenako anawatembenuza mutu ndi thupi pang'onopang'ono, kangapo motsatizana. Sanawapatse mankhwala. Patapita masiku awiri anali atayambiranso kugonera kumanja.

Funso limenelo, komanso luso loyang'ana m'maso mwa munthu wachizungulire, zili ndi komwe zinachokera. Zimatifikitsa kwa dokotala wina wa ku Austria, Robert Bárány, yemwe anamwalira mu 1936. Iye sanapeze njira yomwe inachiza azakhali anga, ndipo pa zina analakwitsa. Koma ndi iye amene anaphunzitsa madokotala kuti khutu likasokonezeka, maso ndi omwe amaulula.

Mwana wa bondo louma

Bárány anabadwa pa 22 Epulo 1876 mumzinda wa Vienna, womwe panthawiyo unali likulu la ufumu waukulu wa Austria-Hungary. Anali woyamba kubadwa m'banja la Chiyuda la ana 6. Ali wamng'ono anadwala TB ya m'mafupa, matenda omwe ngakhale kuno kwathu achipatala amakumana nawobe. Mankhwala a TB kunalibe, ndipo ngakhale anachira, bondo lake limodzi linauma moti silinapindikenso moyo wake wonse. Olemba mbiri yake amaganiza kuti kudwala kumeneku ndi komwe kunamukokera ku ntchito ya udokotala. Chodziwika n'chakuti m'kalasi ankakhala patsogolo, ndipo bondolo silinamuletse kusewera tenisi kapena kukwera mapiri.

Anamaliza maphunziro a udokotala pa yunivesite ya Vienna mu 1900. Anapita kaye ku Germany komwe anaphunzira za matenda a m'thupi ndi a ubongo, n'kubwerera kwawo kukaphunzira za maopaleshoni. Mu 1903 analowa ntchito pa chipatala cha makutu chomwe ankayang'anira Adam Politzer, katswiri yemwe madokotala ochokera m'mayiko ambiri ankabwera kudzaphunzira kwa iye.

Ntchito yomwe dokotala wachinyamata ankapatsidwa kumeneko sinali yosiririka. Masiku amenewo kunalibe maantibayotiki, choncho anthu otuluka mafinya m'makutu ankabwera ambirimbiri, ndipo chithandizo chachikulu chinali kuwatsuka m'khutu popopera madzi. Ambiri akamatsukidwa ankadandaula chizungulire. Madokotala ankadziwa zimenezi ndipo ankangoziona ngati kavuto kakang'ono koyenera kupirira. Bárány anayamba kuwayang'ana m'maso odwalawo, n'kuona kuti nthawi ya chizungulirecho maso awo ankagwedezeka okha: ankasunthira mbali imodzi pang'onopang'ono, n'kubwerera mwachangu, kusunthanso, kubwereranso.

Tsiku lina wodwala wina anamuuza kuti chizungulire chimamugwira pokhapokha madzi akakhala ozizira, ndipo akamadzitsuka yekha kunyumba ndi madzi ofunda sichibwera. Bárány anapempha namwino kuti abweretse madzi ofunda. Namwinoyo anabweretsa otentha kwambiri. Wodwala anachitanso chizungulire, koma ulendo uno maso ake anagwedezekera mbali yosiyana ndi poyamba. Dokotala wina akanangodzudzula namwinoyo n'kupitiriza ntchito. Bárány anaima n'kudzifunsa kuti n'chifukwa chiyani madzi ozizira akukankhira maso uku, otentha uko.

Zomwe zili kuseri kwa khutu

Kuti timvetse yankho lake, tiyenera kulowa kaye m'khutumo. Khutu si lomvera lokha. Mkati mwenimweni, m'fupa lolimba la chigaza, muli timachubu titatu topindika ngati zibangili, todzaza ndi madzi, ndipo kalikonse kanayang'ana mbali yake. Mutu ukatembenuka, madziwo amatsalira pang'ono m'mbuyo, monga amachitira madzi a m'ndowa munthu wosenza akakhota mwadzidzidzi. Kusuntha kwa madziwo kumapinda titsitsi tating'onoting'ono, ndipo titsitsito timatumiza uthenga ku ubongo kuti mutu watembenuka. Nthawi yomweyo ubongo umalamula maso kuti asunthe mobwezera, kuti zomwe mukuyang'ana zisagwedezeke. N'chifukwa chake mumatha kuwerenga chikwangwani cha golosale muli pa kabaza mumsewu wa mabampu.

Zina mwa izi zinali zitadziwika kale. M'zaka za m'ma 1820, Mfalansa wina, Pierre Flourens, anadula timachubu timeneti mwa nkhunda n'kuona mbalamezo zikulephera kuwongola mutu. Mu 1861 Prosper Ménière wa ku Paris ananena kuti chizungulire chikhoza kuchokera m'khutu, osati mu ubongo mokha. Josef Breuer, wa ku Vienna komweko, anali mmodzi mwa omwe anafotokoza za kuyenda kwa madziwo. Koma panalibe njira yoyezera khutu limodzi palokha mwa munthu wamoyo.

Bárány anakumbukira thanki yotenthetsera madzi osamba yomwe inkamudabwitsa ali mwana, yomwe inkatentha pamwamba pomwe pansi, pafupi ndi moto, pali pozizira. Madzi otentha amapepuka n'kukwera, ozizira amalemera n'kutsika. Anaganiza kuti zomwezo zikuchitika m'khutu: madzi otsukira amaziziritsa kapena kutenthetsa madzi a m'kachubu kapafupi, madziwo n'kuyamba kuyenda mutu uli chiimire. Khutu limauza ubongo kuti mutu ukuzungulira pomwe sukuzungulira, ndipo ubongo umakhulupirira bodzalo n'kuyamba kusuntha maso. Madzi ofanana ndi kutentha kwa thupi, madigiri 37, sayambitsa kanthu.

Anasindikiza zimenezi mu 1906. Phindu lake linali lalikulu kuposa mmene nkhaniyi ikumvekera. Ngati muthira madzi ozizira m'khutu maso osagwedezeka, ndiye kuti mbali ya mkati ya khutu limenelo yawonongeka. M'nyengo yomwe mafinya a m'khutu ankatha kudya fupa mpaka kufika ku ubongo n'kupha munthu, dokotala wa opaleshoni tsopano anali ndi chomuuza kuti matenda afika pati. Zida zake zinali madzi, chopopera, ndi maso a dokotalayo. Njira imeneyi ikugwirabe ntchito lero, ndipo m'zipatala zikuluzikulu imathandizanso poona ngati ubongo wa munthu wokomoka kwambiri ukadali ndi moyo. Apa ndichenjeze pang'ono: izi si zoyesa kunyumba. Kuthira madzi m'khutu lomwe nembanemba yake inabooka kumalowetsa tizilombo.

Zaka zotsatira anapanga zinthu zina zomwe zimatchedwabe ndi dzina lake. Pali mpando wozungulira womwe mpaka pano ophunzira kuyendetsa ndege amakhazikidwapo kuti aone mmene khutu linganamizire munthu. Palinso kuyeza kouza wodwala kuti atsinzine n'kuloza chala cha dokotala mobwerezabwereza, kuti aone ngati dzanja likuphonyera mbali imodzi. Mu 1909 anakwatira Ida Berger, ndipo anabereka ana atatu, onse odzakhala madokotala.

Mphoto inamupeza ali mkaidi

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itayamba mu 1914, Bárány akanatha kukhala kwawo chifukwa cha bondo lija. Anadzipereka yekha, makamaka pofuna kuphunzira za mabala a ubongo. Anamutumiza ku Przemyśl, mzinda wa malinga ankhondo womwe lero uli m'dziko la Poland kufupi ndi malire a Ukraine. Kumeneko anasemphana ndi chizolowezi cha madokotala a nthawiyo, omwe ankasiya bala la chipolopolo m'mutu lili lotseguka kuti mafinya azituluka. Iye anayamba kuyeretsa balalo bwinobwino n'kulisoka nthawi yomweyo ngati likadali latsopano, poona kuti tizilombo tambiri timalowa bala likakhala poyera.

Asilikali a Russia anazinga mzindawo kwa miyezi ingapo mpaka chakudya chinatha, anthu n'kuyamba kudya akavalo. Pa 22 Malichi 1915 mzindawo unagonja, ndipo asilikali oposa 100,000 anatengedwa ukaidi. Apo n'kuti patangopita miyezi iwiri John Chilembwe ataukira atsamunda kuno kwathu, Mchinji ikutchedwa Fort Manning. Bárány anamutengera kutali kwambiri, ku Merv, komwe lero ndi dziko la Turkmenistan. Anadwalako malungo. Koma omugwirawo ataona kuti ali ndi katswiri m'manja, anamulola kumathandiza akaidi anzake pamodzi ndi eni dera.

Ali kumeneko, uthenga unafika woti wapatsidwa mphoto ya Nobel ya zachipatala. Inali mphoto ya chaka cha 1914, yomwe inalengezedwa mu 1915 chifukwa cha nkhondo, ndipo anali dokotala wa makutu woyamba kuilandira. Kalonga Carl wa ku Sweden, kudzera m'bungwe la Red Cross, analowererapo mpaka Russia inamumasula mu 1916. Mu Sepitembala chaka chomwecho anakaima ku Stockholm kufotokoza ntchito yake.

Munthu angaganize kuti kwawo anamulandira ndi nthungululu. Sizinatero. Ena mwa madokotala anzake ku Vienna anamuneneza kuti m'zolemba zake sanatchule mokwanira anthu omwe anagwirapo ntchitoyo iye asanabwere, komanso omwe ankagwira naye limodzi. Nkhaniyo inafika kwa akuluakulu a yunivesite, ndipo udindo wa pulofesa sanamupatse. Komiti ya Nobel inafufuza madandaulowo n'kupeza kuti analibe maziko. Ine poiwerenga nkhaniyi ndimaona zinthu ziwiri nthawi imodzi. Nsanje inalipo, pakuti dokotala yemwe anali asanafike n'komwe pa upulofesa anali atadumpha mabwana ake onse. Koma n'zoonanso kuti ena anali ataonapo kale kuti madzi m'khutu amabweretsa chizungulire. Chake chenicheni cha Bárány chinali kufotokoza chifukwa chake, n'kusandutsa chinthu chomwe aliyense ankachiona kukhala njira yoyezera matenda.

Mu 1917 anasamukira ku Uppsala m'dziko la Sweden, komwe anapatsidwa chipatala cha makutu kuti aziyang'anira. Chinali chaching'ono poyerekeza ndi cha ku Vienna. Anakhala komweko mpaka imfa yake, ndipo mu 1926 anakhala pulofesa.

Mayi yemwe sankagonera kumanja

Ndi ku Uppsala komwe mbiri yake ikukumana ndi ya azakhali anga. Mu 1921 analemba za mayi wina wa zaka 27 yemwe ankavutika ndi chizungulire chobwera n'kupita. Woyamba kuzindikira kuti chimabwera pokhapokha mayiyo akagonera kumanja anali womuthandizira wake, Dr Karlefors, ndipo ulendo uno Bárány anamutchula dzina poyera. Mayiyo akagonera kumanja, maso ake ankagwedezeka mozungulira, chizungulire champhamvu ndi nseru n'kumugwira kwa masekondi pafupifupi 30, kenako n'kusiya. Akamutembenuzanso nthawi yomweyo, palibe chinkachitika. Ankayenera kugona kaye chagada kapena chakumanzere kwa kanthawi kuti chizungulirecho chibwerenso.

Werenganinso ndime imeneyo. Muli pafupifupi zonse zomwe wachipatala amafuna lero kuti azindikire matendawa: chimayambitsa ndi kakhalidwe ka mutu, chimakhala kanthawi kochepa, maso amagwedezeka, ndipo chimafooka mukabwereza. Madokotala amawatchula mwachidule kuti BPPV, dzina lomwe tanthauzo lake ndi chizungulire chosaopsa, chobwera mwadzidzidzi, chodalira mmene mutu wakhalira. Mwa matenda a m'khutu obweretsa chizungulire, amenewa ndi omwe amapezeka kwambiri. Kafukufuku wa ku Germany wa mu 2007 anapeza kuti anthu opitirira pang'ono awiri mwa 100 alionse amadwalapo matendawa pa moyo wawo. Amagwira amayi kuposa abambo, ndipo amachuluka munthu akamakula.

Bárány anaganiza kuti vuto lili m'kathumba kena ka m'khutu, koyandikana ndi timachubu tija. M'kathumbako muli timiyala ta kashiamu tating'ono kwambiri tosaoneka ndi maso, tomatirira pa kansalu konanda. Kulemera kwa timiyalato ndi komwe kumakuuzani kuti kumwamba ndi uku, pansi ndi uku, ngakhale mumdima. Anali pafupi ndi yankho koma sanalifike. Timiyala n'tomwe timayambitsadi vutoli, koma osati tili pamalo pake. Timayambitsa tikathothoka n'kusochera.

Kuti zimenezi zidziwike panatenga zaka 70. Mu 1952 madokotala awiri a ku London, Margaret Dix ndi Charles Hallpike, anafotokoza za odwala 100 n'kukhazikitsa njira yoyezera yomwe wachipatala uja anagwiritsa ntchito pa azakhali anga: wodwala amakhala pabedi, mutu amautembenuzira mbali imodzi madigiri 45, n'kumugoneka chagada mofulumira mutu utalendewera pang'ono kumapeto kwa bedi. Ngati khutu lomwe lili pansi ndi lodwalalo, pakapita masekondi ochepa maso amayamba kugwedezeka. Nawonso ankaloza kathumba kaja. Mu 1969 Harold Schuknecht wa ku America anasonyeza kuti vuto limachitikira m'kachubu ka kumbuyo, komwe timiyala tothothokato timagwera chifukwa ndi komwe kali pansi kwambiri munthu akagona. Mu 1992 madokotala a ku Canada anationa ndi maso timiyalato tikuyandama m'kachubuko pochita opaleshoni.

Tsopano nkhani yonse ya mayi wa ku Uppsala imamveka. Munthu akagonera mbali yodwalayo, timiyala timagubuduzika m'kachubu n'kukoka madzi, ndipo khutu limanamiza ubongo monga linkachitira ndi madzi ozizira aja. Tikafika pansi n'kukhazikika, madzi amaima, chizungulire n'kutha.

Kubweza timiyala kwawo

Ngati vuto ndi timiyala tosochera, bwanji osangotibweza komwe tinachokera? Amene anafunsa funso limeneli mwakhama anali John Epley, dokotala wa makutu wa mumzinda wa Portland ku America. Kuyambira cha mu 1980 ankaonetsa anzake kuti kutembenuza mutu mwadongosolo kumachiza matendawa, koma ambiri ankamuseka, ndipo magazini a zachipatala anakana zolemba zake mpaka mu 1992. Ku France, Alain Semont anafalitsa njira ina yofanana nayo mu 1988. Zimaoneka kuti madokotala zinkawavuta kukhulupirira chithandizo chopanda mankhwala kapena mpeni.

Njira ya Epley imayenda chonchi ngati khutu lodwala ndi lakumanja. Wachipatala amayamba monga poyeza paja, mutu utatembenukira kumanja, wodwala atagona chagada mutu utalendewera pang'ono. Amadikira mpaka chizungulire chithe, masekondi 30 kapena kuposerapo. Kenako amatembenuzira mutu kumanzere osaudzutsa, n'kudikiranso. Akatero wodwala amagubuduka thupi lonse kugonera kumanzere mphuno italoza pansi, n'kudikiranso. Pomaliza amamudzutsa pang'onopang'ono kuti akhale tsonga. Sitepe iliyonse imasunthira timiyala patsogolo m'kachubu kopindika kaja, mpaka titagweranso m'kathumba momwe sitivutitsa. Zonse zimatha mphindi zosakwana 10, ndipo kafukufuku wosiyanasiyana amasonyeza kuti odwala pafupifupi 8 mwa 10 amapeza bwino akachitidwa kamodzi kapena kawiri. Kwa ena matendawa amabwereranso pakapita miyezi kapena zaka, ndipo njira yomweyo imabwerezedwa. Mapiritsi a chizungulire amangochepetsa nseru, koma sasuntha timiyala.

Pali chifukwa chomwe ndikulembera izi ndikuganiza za Mchinji. Dziko lino lili ndi akatswiri ochepa kwambiri a makutu, mphuno ndi mmero. Kwa zaka zingapo linali ndi dokotala wa maopaleshoni amenewa mmodzi yekha, Dr Wakisa Mulwafu wa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo pofuna kuchepetsa vutoli anayamba kuphunzitsa makiliniko ofesa ntchitoyi. Munthu wa ku Mkanda kapena ku Kapiri akatumizidwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ulendo wochokera pa boma pokha ndi makilomita pafupifupi 110, kuphatikiza thiransipoti ya womuperekeza ndi masiku otayika kumunda. Koma BPPV ndi amodzi mwa matenda ochepa omwe kuwayeza ndi kuwachiza komwe sikufuna magetsi, makina kapena mankhwala omwe angathe m'famase. Kumafuna bedi ndi wachipatala yemwe anaphunzitsidwa. Ndipo odwala ake alipo: okalamba, anthu omwe agona pabedi nthawi yaitali chifukwa cha matenda ena, ndi omwe anamenyetsa mutu, monga ambiri omwe amagwa pa njinga zamoto za kabaza opanda chipewa. Kwa agogo, chizungulire cha masekondi 30 pafupi ndi moto kapena pachitsime si chinthu chaching'ono.

Ndiyenera kunenanso mosabisa kuti chizungulire chambiri chomwe timakumana nacho kuno sichichokera ku timiyala. Malungo, kuchepa kwa magazi, njala, kuchepa kwa madzi m'thupi, BP yokwera kapena yotsika ndi shuga, zonsezi zimabweretsa chizungulire, ndipo achipatala omwe anayamba ndi kuyeza zimenezi mwa azakhali anga sanalakwitse. Mankhwala enanso amatero: kwinini, majakisoni a gentamicin ndi streptomycin omwe angawononge khutu, komanso efavirenz m'masabata oyamba. Kusiyana kwake kuli pa mmene chizungulirecho chikubwerera. Cha kuchepa kwa magazi kapena BP yotsika nthawi zambiri chimabwera mukaimirira, ndipo mumaona mdima ngati mukomoka. Cha timiyala chimabwera mukagona, mukatembenuka pogona, mukawerama kapena mukayang'ana kumwamba, ndipo zinthu zimaoneka zikuzungulira zenizeni. Mukapita kuchipatala, musangoti ndikumva chizungulire. Fotokozani chimayamba mukatani, chimatenga nthawi yaitali bwanji, ndiponso mbali iti.

Ndipo pali chizungulire chosafunika kudikira. Ngati chikupitirira maola osaleka, kapena chabwera ndi mutu wopweteka kwambiri, kuona zinthu ziwiriziwiri, lilime kulemera, pakamwa kupotoka, dzanja kapena mwendo kufooka, kulephera kuyenda, kapena khutu kugontha mwadzidzidzi, imeneyo ikhoza kukhala sitiroko ndipo munthuyo apite kuchipatala nthawi yomweyo. N'chifukwa chake sindikulimbikitsa kuti muonere kanema pa foni n'kuyamba kupinda khosi la agogo. Woyamba kuchita izi akhale wachipatala, yemwe angadziwe khutu lodwala ndi kachubu komwe kakhudzidwa, pakuti nthawi zina timiyala timalowa m'kachubu kena komwe kamafuna njira yosiyana. Anthu a vuto la khosi, msana kapena mtima amafunikanso kusamalidwa mwapadera.

Zaka zomaliza ku Uppsala

Bárány sanaone chilichonse mwa zimenezi. Mayi wa mu 1921 uja anamufotokoza bwino koma analibe chomuchiritsira, ndipo m'zolemba zake zambirimbiri nkhaniyo inali yaifupi. Ngakhale ganizo lomwe linamupatsa Nobel linadzayesedwanso iye atapita kale. Mu 1983 akatswiri anayesa njira yake mu chombo cha m'mlengalenga, komwe madzi otentha sakwera ndipo ozizira satsika chifukwa kulibe kulemera. Maso anagwedezekabe. Izi zinasonyeza kuti kufotokoza kwake kwa thanki ya madzi osamba, ngakhale kuli koona pansi pano, si nkhani yonse.

Munthu yemwe anaona nkhondo ndi maso ake anathera zaka zake za ku Sweden akulankhula ndi kulemba zolimbikitsa mtendere. Omudziwa ankati anali wofatsa, wokonda kukhala payekha ndi kugwira ntchito mpaka usiku, komanso wokonda nyimbo. Kuchoka kwake ku Vienna, komwe kunamupweteka mtima, kunadzapulumutsa banja lake: mu 1938 Germany ya Hitler inalanda Austria, ndipo madokotala Achiyuda anachotsedwa pa yunivesite yomwe inamukana upulofesa.

Kumapeto kwa moyo wake anavutika ndi BP yokwera ndipo anadwala sitiroko kangapo, mbali ina ya thupi n'kufooka, koma anapitiriza kulemba. Anzake a m'mayiko osiyanasiyana anali atakonza msonkhano waukulu womulemekeza pa tsiku lokwanitsa zaka 60. Anamwalira ku Uppsala pa 8 Epulo 1936, kutatsala masabata awiri kuti tsikulo lifike. Mu 1960 akatswiri a matenda a chizungulire anakhazikitsa bungwe la dziko lonse lotchedwa Bárány Society, ndipo ndi bungwe limeneli lomwe mu 2015 linasindikiza ndondomeko yomwe madokotala amatsatira pozindikira BPPV.